Mmene Kompyuta Yanga Inaphunzirira Kuliza FLAC

Kompyuta yanga yoyamba ndinaipeza kuntchito. Ndinkagwira mu ofesi ina ya maejenti pa malire a Mwanza, kukonzera madalaivala mapepala a katundu, ndipo abwana atagula makina atsopano anati akale aja wofuna atenge. Anzanga anazengereza. Ine ndinanyamula bokosi lake, sikirini yamimba ngati mtsuko, kiyibodi ndi mawusi, n'kukweza zonse pa kabaza. Wakabaza ankapalasa pang'onopang'ono, ine ndikuthamanga m'mbuyo mwake nditakolekera zingwe m'khosi.

Kunyumba ndinaiyika pabalaza, pa tebulo limene kale pankakhala wailesi. Akazi anga anaisokera nsalu yophimbira, chifukwa fumbi la mathiraki kwathuko silinena odi. Ikamayaka inkalira ngati chigayo cha kutsidya, koma nyimbo inkaliza bwino ndithu, ndipo ine ndinkadziona ngati munthu wodziwa zinthu.

Akazi anga amayimba alito mu kwaya ya amayi ya kutchalitchi kwathu. Chaka chimenecho kwayayo inapita ku Blantyre kukajambula nyimbo mu situdiyo. Anabwerako mawu atasasa, nkhani zili mbwee: za chipinda chomata masiponji m'makoma, za zomvera m'makutu zimene zinawaphwanyira maduku, za mkulu wojambulayo amene ankangoti "tibwerezenso" mpaka ena miyendo kutupa. Patapita milungu, mkuluyo anatumiza nyimbozo pa foni ya mtsogoleri wa kwaya, ndipo zinafalikira kuchoka pa foni ina kupita pa ina. Akazi anga anamvera ali kukhitchini, foni ataigunditsa kukhutu, kenako anaiyika pansi.

"Ine sindikudzimvamo," anatero. "Ndipo chisekese chija chikumveka ngati munthu akukazinga usipa."

Sanadandaule nthawi yaitali, chifukwa madzulo ena mtsogoleri wa kwaya uja anafika yekha pakhomo pathu. Anali mayi wamtali, namwino wopuma ntchito, amene akakweza dzanja ngakhale ana a kunja kwa tchalitchi ankakhala chete. Anamasula mfundo ya mpango wake n'kutulutsamo fulashi.

"Abambo, mkulu wa ku situdiyo uja wati nyimbo zenizeni zili muno. Za pa foni zija akuti ndi zolawitsa chabe. Mwa azibambo athu onse, wa kompyuta ndinu nokha. Loweruka masana tibwera tonse tidzamve."

"Bwerani, mayi," ndinayankha. "Muitane ndi a kutali ku Thambani omwe. Imeneyi ndi ntchito yaing'ono."

Atangotuluka ndinavundukula kompyuta ija n'kulowetsa fulashi. Nyimbo zinalimo zonse, koma zinkaoneka zachilendo. Za masiku onse zinkakhala ndi kachizindikiro ka pulogalamu yolizira nyimbo, pomwe izi zinali timapepala toyera, ndipo kumapeto kwa dzina lililonse, pamene ndinazolowera kuona MP3, panalembedwa FLAC. Ndinadina yoyamba. Pulogalamu inatseguka, inaganiza pang'ono, n'kutulutsa kabokosi konena mwaulemu kuti fayilo ya mtundu umenewu siikuidziwa. Ndinadina yachiwiri, yankho lomwelo. Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, chifukwa kuntchito nzeru yathu yaikulu inali imeneyo. Inakanabe.

"Zikutheka?" anafunsa akazi anga ali pakhomo la kukhitchini.

"Ikuwotha kaye," ndinatero.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro sindinapite kukadya. Ndinakhala pa kompyuta ya mu ofesi n'kuwerenga za FLAC, ndipo zimene ndinapeza zinandizunguza mutu ndi chimwemwe. Ndinabwerera kunyumba ndikuyankhula ndekha m'njira. Ndinawapeza akazi anga akusankha nyemba, ndipo ndinayamba kulalikira ndisanavule nsapato.

"Mayi, mumalidziwa belo la kaunjika? Amalipanikiza, kulimanga ndi zitsulo kuti lichepe, koma mukalidula zovala zonse zimatuluka zathunthu, batani lililonse lili pamalo pake. FLAC ndi imeneyo. Tsono MP3 ndi munthu amene belo litakana kulowa m'thumba, watenga sizasi n'kudula manja a malaya, makolala, mipendero ya madiresi, n'kumati palibe amene aone. Alito wanu uja anapita ndi manja a malaya!"

"Chabwino," anatero osasiya nyemba zawo. "Ndiye belolo mulidula ndi chiyani?"

Funso lake linali lomwelo. Ndinali nditawerenganso kuti pulogalamu yanga yakale ija inkasowa kanthu kotchedwa kodeki, kamene kamakhala ngati womasulira pakati pa fayilo ndi pulogalamu. Kodekiyo inali yaulere pa intaneti, koma makompyuta a mu ofesi anali otsekedwa moti sunkatha kukoperamo kanthu n'kupita nako kwanu.

Tsiku lomwelo kunafika alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene amayendetsa thiraki njira ya ku Tete mpaka ku Beira. Thiraki yawo inali pa mzere kudikira mapepala, ndiye anabwera kudzagona kwathu monga ankachitira nthawi zonse. Ndi munthu wosasowa yankho. Anamva vuto langa akuvula jekete, ndipo asanaikoleke anali atapeza kale mankhwala.

"Alamu, munthu akakanizidwa pa geti chifukwa cha malaya, amakasintha malaya. Fufutani FLAC-yo mulembepo MP3. Idziwa bwanji?"

Mumtima ndinkadziwa kuti si nzeru, koma ndinaikonda. Ndinakopera nyimbo imodzi pambali n'kuisintha dzina. Nthawi yomweyo kapepala koyera kaja kanasanduka chizindikiro cha nyimbo. Alamu anawomba m'manja, ine ndinaimirira, akazi anga anabwera akuthamanga ndi chipande m'manja. Ndinadina. Pulogalamu inatseguka, inakhala chete nthawi yotalikirapo kusiyana ndi dzulo lake, kenako kabokosi kaja kanatulukanso.

"Yatizindikira," anatero alamu motsitsa mawu.

Tinaganiza zotsitsa kodekiyo kudzera pa foni yanga. Amene anakhalapo pa malire amadziwa khalidwe la netiweki ya kumeneko. Ukakhala pampando uli ku Malawi, ukaweramira kuzenera foni imakulandira m'Chipwitikizi kuti takulandirani ku Mozambique. Tinalumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe, alamu n'kukwera pa mpando ataitukula m'mwamba ngati akuonetsa chikho chimene apambana. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda.

"Musasunthe, alamu!"

"Sindikusuntha."

"Mwapuma mwamphamvu, yabwerera ku Mozambique!"

Kamzereko kanayenda, kanaima, kanayambiranso poyamba. Tinayesa pazenera lina, tinayesa foni itapachikidwa pa msomali wa kalendala. Pomaliza kanafika pafupi penipeni ndi kumapeto, tonse atatu titagwira mpweya, ndipo uthenga unalowa wonena kuti bandulo yatha. Alamu anatsika pa mpando akupukusa phewa, n'kuyamba kuseka, ndipo tonse tinaseka mpaka nyemba zinatsala pang'ono kupserera.

"Musavutike," anatero pa chakudya. "Ku Zobue, kutsidya kwa malireku, ndili ndi mnzanga amene amatiikira nyimbo m'makhadi a memori ife madalaivala. Munthu ameneyo alibe chimene alibe. Mundilembere dzina la chinthucho padzanja."

Loweruka m'mawa anawoloka malire wapansi. Ine ndinapita kukabwereka masipika kwa mnzanga wa kuntchito amene amaliza nyimbo m'maukwati, aakulu awiri ofika m'chiuno, ndipo ndinawaimika uku ndi uku kwa tebulo. Akazi anga anasesa, anatulutsa mipando ina kuti anthu akwane, anayala mphasa mpaka pakhonde. Dzuwa linakwera, alamu osaoneka. Ndinkatuluka kukasuzumira kumsewu, kubwerera, kupukuta sikirini yopukuta kale, kutulukanso.

Anatulukira dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, dzanja lina atanyamula jumbo ya buledi wa ku Zobue, lina atakunga chibakera. Anachitambasula pamaso panga ndipo munali fulashi yawo.

"Wati muli makodeki onse a padziko lapansi," anatero. "Ngakhale nyimbo ya ku China ilira."

Nditatsegula, ndinapeza kuti zonse zinali m'Chipwitikizi. Alamu anakoka mpando n'kukhala pambali panga, chifuwa chili patsogolo. Chipwitikizi chawo ndi cha pamsewu, chogulira dizilo ndi kufunsira njira, koma tsiku limenelo anali mphunzitsi wamkulu.

"Apa akuti chiyani?"

"Seguinte. Ndiye kuti wotsatira. Amatero pa mzere wa ku kasitomu. Dinani."

"Nanga ndime yaitali iyi?"

Anaiyang'ana nthawi ndithu, milomo ikugwedera. "Akupereka moni. Seguinte."

Tinapitirira choncho, seguinte pamwamba pa seguinte, mpaka kompyuta inapempha kuti izime n'kuyakanso. Ili m'kati moyaka tinamva nyimbo kumsewu. Amayi a kwaya anali atafika, nthawi isanakwane n'komwe, atavala zitenje zofanana, akuyimba kuyambira pa mphambano. Analowa, anadzaza pabalaza, ena pakhonde, ena anasuzumira m'mazenera pamodzi ndi aneba amene anangotsatira phokoso. Mpata woyesera kaye ndekha panalibenso. Ndinangoona kuti timapepala toyera tija tsopano tavala chizindikiro cha nyimbo, popanda kunamiza dzina, ndipo mtima wanga unayamba kuvina.

Mtsogoleri uja anakweza dzanja, m'nyumba munati zii. Anapemphera mwachidule, kuthokoza chifukwa cha mawu, ulendo wa ku Blantyre ndi "luso la abambo a pakhomo pano". Pa ameni ndinadina nyimbo yoyamba.

Kabokosi sikanatuluke. M'masipika munamveka ng'oma, koma inkagunda mwaulesi ngati munthu akusinja mtondo ali ndi malungo. Kenako kwaya inalowa. Anali mawu a azibambo, azibambo akuluakulu otopa, okoka liwu lililonse ngati akukankha thiraki yofa pa chitunda. Nyimbo inali yomweyo, mawu ake omwewo, koma zonse zinatsikira pansi n'kumayenda mwa kamba. Pamene panayenera kulowa mtsikana wowonda amene amatsogolera ndi kaliwu kake kokwera, panatuluka kubuula kwa nkhunzi ya ng'ombe.

Anthu anayang'anana. Mtsogoleri anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Abambo, amenewa ndi amuna a ndani?"

Ndisanayankhe, mayi wina pakhonde anakuwa: "Ndi akwathu awo! Amayimba choncho akamachokera ku mowa!"

Nyumba inaphulika. Amayi anagwerana pa mphasa, ena akumenya pansi ndi manja, ena akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Mtsikana wa nkhunzi uja anabisa nkhope pamsana pa mnzake, mapewa akugwedezeka. Akazi anga anatsamira chitseko atagwira m'mimba. Alamu anaimirira n'kuyamba kuvina motsatira ng'oma yaulesi ija, mwendo umodzi m'mwamba kudikira kugunda kotsatira. Mtsogoleri analimbana nako kuseka, milomo ataifinya, mpaka kunamutulukira m'mphuno, ndipo anakhala pansi n'kuvula magalasi. Ine manyazi anandigwira pang'ono chabe, chifukwa pansi pa manyaziwo ndinkakondwa koopsa. Kompyuta yanga inali italiza FLAC! Molakwika, inde, koma inaliza.

Phokoso litachepa, mtsogoleri anaimbira foni mkulu wa ku situdiyo n'kundipatsa. Ndinamufotokozera, kenako ndinagunditsa foniyo pa sipika kuti amve yekha. Nayenso anaseka mpaka kutsokomola.

"Pepani, akulu, ndinayenera kukuuzani," anatero. "Nyimbozo ndinazijambula pa liwiro la 96, ndiye kompyuta yanu yakaleyo ikuziwerenga ngati za pa 48. Ikuyenda theka la liwiro, n'chifukwa chake amayi asanduka abambo. Tsegulani pamene pali zosintha za kodekiyo, mupeze polembedwa kuti output."

"Kuno zonse zili m'Chipwitikizi."

"M'Chipwitikizi? Mwaitenga kuti?"

"Ku Zobue."

"Chabwino. Fufuzani mawu otanthauza kotulukira."

Ndinawerenga mokweza mawu onse amene anali pa sikirini, ndikuwapotoza mmene ndikanathera, amayi akubwereza pambuyo panga ngati ana a sukulu. Nditafika pa liwu lakuti saída, alamu analumpha.

"Imeneyo! Saída! Imalembedwa pa geti lotulukira ku doko la ku Beira. Ndimadutsapo ine!"

Ndinadina saída, ndipo munalidi manambala. Mkulu uja anandiuza kuti ndichonge kabokosi kouza kodeki kuti izisinthira yokha nyimbo pa 48 isanazitumize ku masipika. Ndinafunsa ngati potero sitikudulanso manja a malaya. Sanamve fanizo langa, koma nditalimasulira anati ndisade nkhawa, khutu la munthu silingapeze kusiyana, fayilo ikhala yathunthu mmene ilili. Ndinachonga, ndinatseka, ndinapukuta manja pa thalauza.

"Mayi, kwezaninso dzanja," ndinatero kwa mtsogoleri.

Anakweza. Ndinadina.

Chinthu choyamba kumveka sichinali nyimbo. Unali mpweya, amayi onse akukoka mpweya nthawi imodzi asanayambe, ndipo unamveka ngati ali m'chipinda momwemo kumbuyo kwathu, moti mayi wina anacheuka. Kenako ng'oma inagunda, yolimba, yomveka chikopa chake ndi chikhatho chimene chikuimenya. Chisekese chinalowa ndipo unkamva njere zake zikugubuduka m'kati. Mawu atabwera anabwera mosanjikizana bwino, oyamba pamwamba, ena pakati, ena pansi, aliyense pamalo pake, moti ukanatha kuloza ndi chala kuti uyu waima apa, uyu apo.

Ndinayang'ana akazi anga. Anali ataima pomwe paja pa chitseko, dzanja lili pakamwa. Pa ndime yachiwiri alito anakwera yekha pang'ono n'kutsikanso, ndipo anali iwowo, mawu amene ndimawamva m'mawa uliwonse akamatsuka mbale, koma tsopano ovala bwino ngati a pa ukwati.

"Ndine ameneyo," ananena chapansipansi. Kenako mokweza, akukoka mkono wa achimwene awo: "Achimwene, ndine ameneyo!"

"Ndakumvani, chemwali, musandithyole mkono!"

Zitatero aliyense anayamba kudzisaka. "Tamverani, apo ndi ine!" "Iii, inu munalowa mochedwa apa!" Wina anazindikira kulira kwa zibangili za mtsogoleri pamene ankatambasula manja. M'nyimbo yachitatu munamveka kuyetsemula kwakung'ono kumene pa foni sikankamveka, ndipo mlandu wake unazengedwa pomwepo, oimbidwa mlandu atatu, onse akukana akuseka. Pofika nyimbo yachinayi panalibenso wokhala pansi. Anavina mpaka tebulo linayamba kunjenjemera, ine nditakumbatira bokosi la kompyuta kuti lisagwe, ndikumva kutentha kwake pachifuwa, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Nthungululu za m'masipika zinasakanikirana ndi za m'nyumba moti sindinkadziwanso kuti izi zikuchokera kuti.

Vuto lina linatulukira chakumapeto. Nyimbo ziwiri zomaliza anaziyimba molumikiza, ina ikutha inzake n'kuyamba popanda kupuma, koma pulogalamu yanga inkaika kachete pakati pake. Mtsogoleri, amene ankatsogolera masipika ngati kwaya yamoyo, anatsitsa dzanja kuti nyimbo yachiwiri ilowe, ndipo kunali zii. Dzanja linatsala m'malere, amayi mwendo uli m'mwamba, kenako nyimbo inalowa mochedwa ngati mwana wa sukulu wogona.

"Apa pokha mukonze, abambo," anatero. "Ife sitinapume pamenepa."

Tsiku limenelo sindinathe. Tinagawana buledi wa ku Zobue ndi tiyi, tinabwereza nyimbo zonse kachiwiri, ndipo ena anachonderera kuti ndichotse kaye kuchonga kuja amvenso "azibambo aja" asanapite. Ndinawachitira, ndipo anatuluka pakhomo akuyimba ndi mawu okhuthala, akuyenda mokoka miyendo, madalaivala a pa mzere wa mathiraki akuwayang'ana modabwa.

Kachete kaja kanandidyera masabata. Ndinafufuza m'zosintha zonse, ndinaphunzira mawu a Chipwitikizi ochuluka kuposa amene ndinkafuna, mpaka ndinamva kuti pulogalamu yakale ija siingathe kulumikiza nyimbo za FLAC ngakhale utaipempha bwanji. Ndinatsitsa ina yaing'ono, yosaoneka bwino, ya mizere yokhayokha ngati fomu ya ku kasitomu, koma inalumikiza nyimbo ziwiri zija bwinobwino osasiya mpata. Inkaonetsanso mayina a nyimbo ndi kutalika kwake, zimene yakale ija inkangolemba kuti sizikudziwika. Ndinathamanga kukawaitana mtsogoleri kunyumba kwawo. Anabwera ndi ufa m'manja, anamvera polumikizira pokhapo, anagwedeza mutu kamodzi n'kubwerera kukaphika.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka chosowetsa mtendere. Dalaivala aliyense wobwera ndi mapepala ake mu ofesi ankatuluka atamva za FLAC, kaya wafuna kaya sanafune. Anzanga ankati ndikayamba nkhaniyi, ngakhale osintha ndalama a panja amasamukira mthunzi wina.

Alamu anga okha ndi amene anandigonjetsa. Pa ulendo wawo wotsatira anabwera ndi khadi lawo kuti ndiwaikiremo nyimbo za kwaya, ndipo wailesi ya m'thiraki mwawo inkadziwa MP3 yokha. Ndinawakonzera za MP3, mtima ukuwawa, ndikuwauza kuti akutenga zinthu zoduladula. Anati phokoso la injini yawo limadula zambiri kuposa pamenepo. Patapita masiku anandiimbira ali kupitirira Tete, nyimbo ya alongo awo ikumveka kumbuyo, anzawo akuyankhula Chipwitikizi pambali.

"Alamu, ndili ndi anzanga pano, sakukhulupirira. Tawauzani nokha, injiniya amene anakonza nyimbo zimenezi ndi ndani?"

"Ndinu, alamu," ndinatero.

"Mwamva?" anakuwa kwa anzawo aja, ndipo foni inaduka.